Kachigawo Komwe Amayi Sankalima

Kumunsi kwa munda wathu, kufupi ndi Fonte Boa, kunali kachigawo komwe amayi sankalima. Kanali kakang'ono, kodzala tsekera ndi timitengo ta masuku, ndipo ife ana tinkadziwa kuti simotola nkhuni. Chifukwa chake ndinachimva nditatenga pakati poyamba. Amayi anandiuza kuti chaka chomwe tinathawira nkhondo ku Dedza anabereka mwana wakufa kale. Mwana wotere kwathu timamutcha mtayo. Salira maliro, sakhoma bokosi, amakamuika ndi azimayi okhaokha m'dzenje losaya, ndipo amuna sauzidwa malo ake. Kumanda kunali kosapitika masiku amenewo chifukwa cha asilikali, choncho anamuika pomwepo. Mwa azimayi amene anakumba dzenjelo, otsala ndi moyo anali amayi okha.

Abambo ankadziwa kuti mwana anatayika, koma malo sanafunsepo. Anali apurufesoro, mphunzitsi wopuma pantchito, ophunzira kumishoni, munthu woti chinthu chikangolembedwa papepala ndiye kuti chatsika kumwamba.

Zinayamba pamene munda woyandikana nafe unagwa m'manja mwa bambo wina wogulitsa mbatata ya kachewere ku Domwe. Sanali munthu woipa, ndisamunamizire. Ankangofuna pepala la boma la malo ake, ndiye anaitanitsa tekiniku woyeza malo wa kudisitiritu kuti adzaone malire. Tinasonkhana m'mundamo m'mawa wina wa mwezi wozizira, aliyense manja m'khwapa.

Abambo anabwera ndi mapa awo a nthawi ya Apwitikizi, omwe ankawasunga m'sutikesi ngati chovala cha ubatizo. Anawatambasula monyadira n'kuloza mzere wodutsa pakati pa phiri ndi mtsinje. Tekinikuyo anawayang'ana mwaulemu ndithu, kenako anati mapawo anajambula dera lalikulu kwambiri, moti kunenepa kwa mzere wa pensulo kokhako kunaphimba kachigawo konseko ndi mizere ingapo ya chimanga chathu. Abambo anatsokomola n'kuwapinda.

Kenako panatuluka mapa omwe anthu a m'mudzi anajambula pamanja titabwerako ku Malawi. Pamenepo munda wathu unkaoneka ngati dzungu. Anajambula anali amuna, ndipo amuna amaika malire pomwe khasu lalekezera.

Omaliza anali a patelefoni ya tekiniku, chithunzi chojambulidwa kuchokera kumwamba. Ndinaona denga lathu, khola, ngakhale kanjira ka kuchitsime. Ndinachita nthumanzi kuona kwathu chonchi, ngati wina wakhala akutisuzumira zaka zonsezi. Mizere yathu inathera pamalo ooneka bwino, ndipo kachigawo kaja kanalumikizana ndi tsala la mnzathuyo ngati thengo limodzi.

"Kathengo aka amalima ndani?" anafunsa tekiniku.

"N'kathu, kungoti sitilimamo," anatero abambo. Anatembenukira kwa amayi. "Mayi ake, tanenani. Bwanji simulimamo muja?"

Amayi anayang'ana pansi. "M'maminga."

Amuna onse anaseka. Ine mtima unandiwira, ndipo ndinatsegula pakamwa, koma amayi ananditsina pantchafu mpaka ndinaluma mlomo. Akuluakulu amati kutchula malo a mtayo pamaso pa amuna kumatseka mimba za m'banjamo. Kaya n'zoona kaya ayi, mng'ono wanga anali woyembekezera chaka chimenecho, ndipo amayi sakanayesa. Tekiniku anafunsanso ngati pali wina wodziwa chizindikiro chilichonse m'kathengomo. Palibe anayankha. Anayendetsa chala patelefoni potsata pomwe mizere yathu inathera, ndipo tsiku lomwelo anazika zipilala za simenti.

Pobwerera kunyumba abambo ankadzitonthoza mokweza kuti tataya malo a njoka basi. Amayi ankayenda kumbuyo.

Miyezi yotsatirayo inali yoipa chifukwa palibe chinkachitika. Tinkadzuka, kusuzumira kumunsi, tsekera ali chiimire. Amayi anayamba kuonda. Ankati akapita kuchitsime amachedwa, ndikawatsatira n'kuwapeza ataima pachipilala, ndowa ili pamutu, madzi akuwadonthera m'khosi. Ndinawapempha kuti tikamuchotse mwanayo mwakachetechete. Anati mtayo safukula, ndipo kulowa ndi khasu m'munda wa eni n'kuitana mafunso.

Dzuwa litafika poswa mtengo, aganyu anabwera n'kudula masuku onse, kuzula zitsa, n'kutentha. Madzulo ake amayi anayang'ana phulusa lija nthawi yaitali. Kenako anandinong'oneza kuti mtengo womwe ankazindikirira malowo wapita, ndipo sakudziwanso kuti ndi pati penipeni. Apo m'pamene ndinachita mantha enieni.

Thirakitala inabwera mvula yoyamba itagwa. Tinaimva ikulira kuchokera kumsewu tikumwa tiyi. Amayi anasiya kapu, kulowa m'chipinda, n'kutuluka ndi chitenje chatsopano chopindidwa bwino. Sanandiitane, koma ndinawatsatira.

Mwini munda anatilandira mosangalala. "Mwadzaonera makina, amayi? Ponyani maso, lero maminga aja atha!"

"Eya, tadzaonera," anatero amayi.

Makasu a thirakitala analowa pansi mozama kuposa momwe ndinkaganizira, n'kumatembenuza dothi lakuda ngati chiwindi. Amayi analowa mumzere kumbuyo kwake, maso pansi, ine pambali pawo. Woyendetsa anatikuwira kuti ngati tikufuna mbewa tidikire amalize, ndipo amuna omwe anaima pachipilala anaseka.

Mkazi wa mwini mundayo anali atabweretsa thobwa la antchito. Anatiyang'ana, n'kuyang'ana chitenje chili m'manja mwa amayi, ndipo nkhope yake inasintha. Anatula chigubu pansi.  Anavula nsapato, n'kubwera kudzayenda mbali ina ya amayi.

Tinapita, tinabwerera, tinapitanso, azimayi atatu kumbuyo kwa utsi, matope akulemera kumapazi. Malo osagaula ankachepa ulendo uliwonse. Thirakitala itakhota kumapeto n'kuyamba mzere woyandikira mtsinje, amayi anaima mwadzidzidzi. Mkazi uja anasuntha n'kuima pakati pa iwo ndi amuna aja, natambasula nsalu yake ngati akuimanga bwino. Amayi anagwada m'matopemo n'kuyamba kufunyulula chitenje.