Mnyamata amene ndinamutamanda pavidiyo

Ine ndimaimbira mpira ku Msundwe, ndiye anthu amaganiza kuti mpira wamtundu uliwonse ndimaudziwa. Sindinawatsutsepo.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, mayi Nabanda anandiimitsa. Mwana wawo Yohane ali ku koleji ku America, amasewera mpira wakumeneko wovala zisoti zolimba uja, ndipo matimu akuluakulu anali pafupi kusankha anyamata a m'makoleji.

"A Phiri, taonani vidiyo iyi. Kodi mwana wanga amutenga?"

Masewerawo ndinali ndisanawaonerepo. Azibambo anatiunjirira, foni ya mayiwo ili m'manja mwanga. Zimphona zinkagundana ngati ng'ombe pa dibi, mpira atanyamula m'manja, woimbira osaliza wezulo. Nkhope zonse zinali zobisika.

Ndinangosankha amene ankathamanga kwambiri. "Liwiro limeneli, mayi! Taonani mmene akuwazembera. Ameneyu amutenga, musakayike."

Ndinamutamanda osalekeza, kuopa kuti wina andifunsa lamulo ngakhale limodzi. Kenako wothamangayo anadumpha mnzake amene anagona pansi atagwira bondo, achipatala akumuthamangira.

Mayi Nabanda analoza wogonayo.

"Uyo mukumutamandayo si wanga. Yohane ndi uyu. Iye akuti bondo lili bwino, koma ana amabisa. Inu odziwa mundiuze zoona. Adzasewerabe, eti?"

Ndinati adzasewera. Anandithokoza mochita kugwada.

Mpaka lero ndikawaona pamsika, ndimabisala kuseri kwa matumba a mtedza.