Dzanja lanu linali moto, achimwene

Achimwene, lero ku Ngala kwadutsa njinga yamoto yakale yofuka utsi wa petulo wosakaniza ndi oyilo, ndipo ndangoima pamsewu kukamwa yasa. Ndakumbukira sikuta yanu ija, nthawi ya chipani chimodzi, tsiku limene munandibwereka kuti ndichoke pa Boma ndikaonekere kwawo kwa Mariamu ku Nkhunga. Inkatentha msanga, ndiye munakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumasula kabuleta. Munachotsa jeti yaing'ono, kachitsulo kaboowo kodutsira petulo, n'kuika yokulirapo, mukuti, "Ikamamwa petulo wochepa imathamanga, koma imapsa. Ukafika pa Bua uime, uyandikize dzanja pa injini. Ikakuwotcha, uidikire izizire." Munandionetsanso pulagi, kuti ikayera mbuu ndiye kuti zinthu sizili bwino.

Pondipatsa sipanala ya paulendo, dzanja lanu linakhudza langa. Linali moto. Nditafunsa munangoseka: "Ndi dzuwa ili, pita usachedwetse anthu." Ndinadziwa kuti si dzuwa, achimwene, koma mtima unali utafika kale ku Nkhunga. Pa Bua ndinaimadi, injini ili bwinobwino, ndipo ndinakatha masiku kumeneko ndikusangalala. Pobwera ndinapeza anthu atadzaza pabwalo, alamu akulira. Anati malungo anakula, ndipo chokutengerani kuchipatala panalibe, poti sikuta inali ndi ine. Mariamu ndi agogo tsopano, ndipo amati inu simukanalola kuti nditsale. Mwina n'zoona, koma ine sindinayese n'komwe kukukakamizani. Ndikhululukireni, achimwene. Usani mumtendere.