Tsiku Limene Mphunzitsi Anadinda Chala

Izi si nthano ayi. Ku Chiparamba amandidziwa, ndikayankhula mawu anga amamveka kutsidya kwa dambo, ndiye ndinganamirenji? Zinachitika titangotuluka m'njala ija ya chimanga chachikasu.

Mwana wanga wachisamba anali mphunzitsi, woyamba kugwira choko pamtundu pathu, ndipo ndi iyeyo anandiphunzitsa timalemba tokhotakhota iti, ati mdala ngati ine kudinda chala pogulitsa thonje n'zamanyazi. Ndiye anabwerako ku Kitwe atatha thupi, kaliwondewonde uja, ngakhale pakhomo tinkangoti chifuwa. Chakudya ankangochiyang'ana.

Ine pakati pa thonje langa ndinali ndi mitengo ingapo ya chamba, ndibisirenji? Ndinamupichirira ndudu imodzi, tsiku lomwelo anatha mbale ziwiri. Basi, m'mawa ndudu, masana ndudu, madzulo ndudu, miyezi isanu, masaya n'kubwerera, ine ndili kudzitama pamsika kuti madokotala ndawaposa. Mayi ake atandiuza kuti mwanayu akumafunsa chakudya atangomaliza kudya, akumasochera pochokera kuchimbudzi, ndinawakalipira kuti munthu akudya, mukufunanso chiyani?

Tsiku lina ndinamukweza panjinga kukatenga mapiritsi a chifuwa kuchipatala. Namwino anamupatsa pepala, ati aphunzitsi sainani apa. Cholembera anachigwira bwinobwino ngati kale, koma dzanja silinayende, anthu pamzere akudikira. Kenaka anatembenukira kwa ine mwaulemu wopatsa mlendo, n'kundifunsa kuti akulu, kodi inu dzina langa mukulidziwa? Namwino anagwira chala chake chachikulu, n'kuchipaka inki, n'kudinda.

Sindinalire, ngakhale pamaliro pake patapita miyezi itatu sindinalire. Tsikulo ndinangopalasa njinga, iye ali kumbuyo akundithokoza chifukwa chomunyamula. Namwino uja, nditamuululira za ndudu zija, anali atandiuza kuti matendawa amafika kumutu paokha, koma utsi wotere umakuliza chiiwale. Mitengo ija ndinazula madzulo omwewo, koma mwana wanga sanandiitanenso kuti atate.

Lero ndimakhulupirira kuti matenda anamutenga, inde, koma nzeru zake zotsala, zoti tikanatsazikirana nazo, ndinaziotcha ndine ndi machesi anga. Inu amene muli ndi wodwala pakhomo, mankhwala a boma alipo tsopano, chamba musamupatse. Ndipo musamangoona mbale ngati yatha. Muzimufunsanso dzina lake.