A Sanit ndi Masentimita Atatu

A Sanit amasoka nsapato pafupi ndi msika wa ku Lampang, ndipo ine ndakhala ndikumata matayala pakhomo loyandikana ndi lawo kwa zaka makumi awiri. Ndi bambo wamfupi, waimvi, wapakamwa posatopa. Mukawasiyira nsapato m'mawa mudzaipeza madzulo itasokedwa bwino, koma simuchoka musanamve kukula kwa thanki ya njinga yamoto imene sinatuluke n'komwe kufakitale.

Nthenda yawo ndi njinga zazitali zija za maulendo akutali, zokwera mapiri ndi kuwoloka mitsinje, mabokosi achitsulo ali m'mbali. Mtima suvala nsanza. Chondikwiyitsa ine n'chakuti opanga njingazi amayesa tonse tili ndi miyendo ya kakowa.

Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo a Sanit anabwereka imodzi, nanyamula akazi awo, a Buakham, amene amawatcha mayi a Nok potengera dzina la mwana wawo, kupita kwawo kwa mayiwo kumapiri a ku Nan. Ataima pamalo otsetsereka, phazi linafuna nthaka koma silinaipeze. Anagwa onse awiri, a Buakham n'kuthyoka kakolo. Chiyambire tsiku limenelo mayiwo amapita kwawo okha pa basi, ndipo anaika lamulo limene msika wonse umalidziwa: adzakweranso kumbuyo kwa amuna awo tsiku limene mapazi a bambowo adzaponde pansi onse awiri, ndi zidendene zomwe, atavala nsapato wamba, osati magogoda odzisokera.

Ndiye chaka chatha kunabwera mphekesera. Kampani ina, akuti, ikupanga njinga yamtunduwu yocheperako, yoganizira anthu ngati ife. M'mafoni munazungulira chithunzi chosaoneka bwino, njinga itakutidwa ndi nsalu yakuda, ikuyesedwa pamsewu wafumbi. A Sanit sanasoke nsapato tsiku limenelo. Anakhoma benchi yopapatiza ngati chishalo, yoti azitha kuikweza ndi kuitsitsa ndi timatabwa, nadziyeza. Zidendene zawo zinkaponda pansi chishalo chikakhala pa masentimita 80. Kupitirira apo, ayi.

Wobweretsa nkhani m'mawa uliwonse anali Det, woyendetsa ngolo ya hachi yonyamula alendo.

"Madala, mwamva? Mlamu wa mnzanga amagwira ntchito kudoko. Akuti chishalo chili pa 86."

A Sanit anawonjezera timatabwa n'kukwera. Miyendo inangoti lendelende.

"Mlamu wa mnzakoyo anayeza ndi chiyani? Mchira wa hachi yakoyo?"

"Musanditukwanire hachi, madala. Valani magogoda basi, mayi sadzaona."

"Mayi a Nok amaona ulusi umodzi ali tsidya la msewu, iwe."

Sabata yotsatira Det anabwera ndi 79, yochokera kwa munthu wa pa intaneti amene ankati wagwira njingayo ndi manja ake. A Sanit anavina pakati pa nsapato za eni, natigulira tonse mbale za chakudya cha kuno chotchedwa khao soi. Sindinama, nane chimfinecho chinandigwira. Ndinapsereza chubu cha kasitomala ndikukangana nawo ngati wilo lakutsogolo lidzakhala la masipoko kapena ayi. Miyezi isanu benchi ija inakwera ndi kutsika, nkhope ya a Sanit ikukwera ndi kutsika nayo.

A Buakham amagulitsa mpunga womata tsidya la msewu, ndipo zonsezi ankangoziyang'ana. Tsiku lina anatiuza kuti, "Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ikadzabwera mudzakakhalepo nokha."

Inabweradi. Loweruka lina m'mawa tinakwera galimoto yanga anthu anayi, ine, Det, a Sanit ndi a Buakham, kupita kuchionetsero ku Chiang Mai, a Sanit atavala nsapato zopyapyala pansi zimene akazi awo anasankha okha. Anthu anali piringupiringu. Atachotsa nsalu, holo yonse inawomba m'manja. Inali yokongola, yamtundu wa mchenga, yotukula mphuno ngati ikununkhiza kale mapiri. A Sanit anandifinya mkono mpaka kupweteka. Pakachikwangwani pambali pake panalembedwa kutalika kwa chishalo: 83.

"Mapepala amanama," anatero, n'kulowa pamzere.

Nthawi yawo itakwana anakwera, wogulitsa n'kuchotsa chitsulo choimikira. Zala za kumapazi zinagunda pansi. Anadzikoka, anatambasula miyendo mpaka nkhope kufiira, koma zidendene zinatsala m'mwamba, mpata wongolowa zala ziwiri. Det, amene sasowa chonena, anayang'ana kumbali. Ine ndinamva chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, ndinkafuna kutenga sowo n'kuidula miyendo njingayo.

A Sanit anaseka kuseka kopanda mphamvu. "Basi, mayi a Nok. Basi yanu ija musaitaye."

Anayamba kutsika.

"Khalani pomwepo," anatero a Buakham, akundipatsa chikwama chawo. "Ndayenda ulendo wonsewu, ndibwerere osamva n'komwe ngati mpando wakumbuyowu ndi wofewa?"

"Ndili pa zala zokha, mayi. Tigwa."

"Ndiye gwirani zolimba."

Anaponda chopondera ndi mwendo womwe unathyoka uja. Njinga inapendama pang'ono, a Sanit mano ali gwa. Mayiwo anaponya mwendo winawo n'kukhala. Sali ochepa thupi a Buakham, ndipo masipuling'i a njingayo anawalandira mwaulemu, anatsika. Zidendene za a Sanit zinati phwa pansi, zonse ziwiri.

"Zaponda!" anakuwa Det, akuloza pansi kuti aliyense aone. "Nsapato wamba, anthuni, zaponda."

A Sanit anayang'ana mapazi awo nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa akazi awo.

"Koma lamulo linati ndiponde kaye, inu mukwere pambuyo."

"Lamulo ndi langa," anayankha a Buakham. "Ndipo mwaona nokha, bambo a Nok. Njinga iyi simungapite nayo kulikonse popanda ine."

Anthu pamzere anayamba kudandaula kuti awiriwa achedwa. A Buakham sanatsike. Anakulunga manja m'chiuno mwa amuna awo, natsamira pafupi ndi khutu lawo, n'kuwafunsa kuti kodi msewu wa ku Nan uja umauma mwezi wanji.