Herbert Longwe ndi Dothi la ku Chibavi

Herbert Longwe anabadwira ku Chibavi, kumunsi kwenikweni, kumene msewu umathera m'dambo ndipo nyumba zimachita kuthithikana. Bambo ake, a Solomon, anachoka ku Nkhata Bay ali mnyamata n'kudzakhala kalipentala mu Mzuzu. Mayi ake, a Winifred, ankasoka mayunifolomu a ana asukulu. Banjali linali ndi ana awiri okha, Herbert ndi mlongo wake Temwani, ndipo m'nyumba mwawo munalibe tchimo lalikulu kuposa kujomba kusukulu.

Herbert mutu unkagwira. Anakhoza mpaka kuyunivesite, kumene anasankha maphunziro a miyala ndi nthaka. Anthu a m'dera lawo ankadabwa. Mwana wanzeru chonchi, osakhala dokotala kapena loya, n'kukaphunzira dothi? Koma atapeza mwayi wokapitiriza maphunziro ku Canada, odabwa omwe aja anabwera kudzamutsanzika, ndipo a Solomon anapha nkhuku ziwiri.

Kumeneko anaphunzira ntchito imene kuno sitinaimvepo. Kalekale dziko limenelo linakwiririka ndi madzi oundana okhuthala ngati phiri, amene ankayenda pang'onopang'ono, akupera miyala ndi kukankha dothi. Atasungunuka anasiya zitunda zazitali za mchenga, milu ya nsangalabwi ndi zigwa za dongo. Ntchito ya Herbert inali kuyenda m'tchire ndi anzake, kukumba, kufinya dothi m'manja, n'kujambula pamapu kuti apa pali chakuti, apo pali chakuti, kuti omanga misewu adziwe zimene zili pansi pa mapazi awo. Ankaikonda ntchitoyi. Akaimbira foni kunyumba ankayesa kufotokoza.

"Ayezi wake yemweyu wa mufiriji?" anafunsa mayi ake tsiku lina.

"Yemweyo, amama, koma woti angakwirire Mzuzu yense mpaka ku Ekwendeni."

"Yayi, mwana wane. Bola uzivala juzi."

Aphunzitsi ake ankafuna kuti akamaliza akhale konko azigwira nawo ntchito. Koma a Solomon anadwala sitiroko, ndipo Herbert anabwerera, akuti kwa kanthawi chabe. Matendawo anatenga nthawi yaitali. Pamene ankaika maliro a bambo akewo, malo ake kunja kuja anali atapatsidwa munthu wina, chilolezo chokhalira kumeneko chitathanso mphamvu.

Anayamba kusaka ntchito. Anafika ku Lilongwe, anafika ku Zomba. Kulikonse ankayamikira mapepala ake n'kumuuza kuti malo palibe. Bwana wina anawerenga mutu wa kafukufuku wake n'kuseka. "Achimwene, kuno ayezi timaika m'zakumwa." Mapeto ake anapeza ganyu yophunzitsa jogalafe pasukulu ina yomwe si yaboma m'tawuni, kumene malipiro ankabwera mwini sukulu akakumbukira. Anyamata okwezetsa anthu panjinga zamoto anamupatsa dzina loti Ayezi. Iye ankangomwetulira n'kudutsa.

Kenako kunabwera bungwe lina lakunja. Linkafuna mapu a nthaka ya m'madera ena a Mzuzu, osonyeza malo amene angagumuke kapena kusefukira mvula ikachuluka. Linkasowa munthu wodziwa ntchitoyi komanso wolankhula Chitumbuka, ndipo Herbert anali yemweyo. Temwani amanena mpaka lero kuti sanamuonepo mchimwene wake akusangalala ngati miyezi imeneyo. Ankadzuka akuimba. Ankanyamula chitsulo chobowolera nthaka paphewa, n'kuyenda Chibavi yense ndi Chibanja, kupempha eni nyumba kuti abowole kuseri kwa khitchini kapena pafupi ndi chimbudzi. Madzulo ankabwera atafiira katondo mpaka m'mawondo.

Kumtunda nthaka inali yolimba, katondo weniweni. Koma akamatsika, chitsulo chinkalowa mosavuta. Pamwamba panali dothi lokokoloka kuchokera kumtunda, losakanikirana ndi zinyalala zimene anthu anathira kuti akwirire dambo. Pansi pake panali dongo lakuda loterera, ndipo madzi ankatuluka dzenje lisanafike m'chiuno. Malo otere ankawapaka utoto wofiira pamapu. Tsiku lina anabowola kuseri kwa nyumba yawo yomwe. Anafinya dothilo m'manja, madzi n'kuchucha pakati pa zala zake. Mayi ake ankamuyang'ana pawindo.

"Wapeza golide?" anamuseka.

Herbert anazula chitsulo chija. Anapukuta manja m'buluku n'kupita pa nyumba yotsatira.

Mapu atatha, abungwe anaitanitsa msonkhano muholo ya tchalitchi china. Anawapachika pakhoma. Anthu anayandikira, aliyense akufunafuna denga lake. Herbert anaimirira n'kufotokoza mofatsa kuti utoto wofiira sukutanthauza kuti nyumba igwa mawa, koma kuti nthaka yake siyodalirika, makamaka kwa nyumba za zidina, njerwa zosawotcha zija. Asanamalize, a Gideon Nyirenda anadzuka. Bambowa anali ndi mzere wa nyumba za lendi pamwamba pang'ono pa nyumba ya a Winifred, ndipo zonse zinali m'chigawo chofiira.

"Iwe Herbert, ife takuona ukukwawa. Nyumba izi zakhala zaka zonsezi osagwa. Lero wabwera ndi azungu ako kudzatipaka magazi? Tiuze zoona. Mukufuna kutisamutsa kuti mugulitse malo athu."

"Ayi, adada. Palibe amene akugula malo. Nyumba yathunso ili momwemo."

"Nanga tikachoka tipite kuti? Malo ena mwatipezera?"

Herbert anayang'ana mkulu wa bungwe. Mkuluyo anayankha m'Chingerezi kuti zimenezo sizinali mbali ya pulojekiti, koma lipoti lipita kwa oyenera. Muholo munabuka phokoso. Anthu anatuluka asanapemphere.

Bungwe linamaliza ntchito yake n'kupita. Lipoti linapitadi kwa oyenera, ndipo silinamvekenso. Palibe anasamutsidwa, palibenso anapatsidwa malo. Chimene chinatsala ndi mbiri. Ena mwa anthu ochita lendi m'nyumba za a Gideon anasamuka. Mayi wina wamasiye amene ankafuna kugulitsa nyumba yake kuti abwerere kwawo ku Rumphi anasowa wogula. Anthu anasiya kupereka moni kwa Herbert. Akati "Monire," ankayang'ana kumbali. Amayi amene ankasoketsa mayunifolomu kwa a Winifred anayamba kupita nawo kumsika.

Herbert anabwerera kusukulu ija. Kunyumba anayamba kuwanyengerera mayi ake kuti asamukire ku Chibanja, kumene Temwani ndi mwamuna wake ankachita lendi.

"M'zipinda ziwiri zija? Ndikagone pabalaza pa mkamwini?" anatero a Winifred, osasiya kupalasa makina. "Nyumba iyi anamanga adada ako ndi manja awo. Zitseko izi anapala okha."

"Amama, pansi pake pali madzi."

"Madziwo analipo iwe usanabadwe. Wandichotsera makasitomala, tsopano ukufuna undichotserenso nyumba?"

Mawu amenewo anamupweteka chomene, ndipo sanaibweretsenso nkhaniyo. M'malo mwake anaganiza zoiteteza nyumbayo. Madzi onse ochokera pa madenga a nyumba za a Gideon ankatsikira pakhoma lakuseri la nyumba yawo n'kuima pamenepo. Anapita kukapempha kuti akumbe ngalande m'malire, mbali ya a Gideon, kutali ndi khoma. A Gideon anamukaniza asanakhale n'komwe pansi. Choncho Herbert anakumba mbali yawo, m'kampata kopapatiza pakati pa malire ndi khoma. Ankadziwa kuti ngalandeyo yayandikira kwambiri maziko. Anati aiwaka ndi simenti akalandira malipiro. Malipiro anachedwa, mvula sinachedwe.

Chaka chimenecho mvula inatalikitsa. Mu Epulo inagwa masiku otsatizana, yosalekeza, mpaka zovala zinachita nkhungu m'sutikesi. Tsiku lina masana Herbert ali m'kalasi, foni yake inalira. Anali Temwani, ndipo mawu ake sankamveka bwino chifukwa cha kulira. Anathamanga osatseka n'komwe buku. Njinga yamoto inamusiya kumtunda chifukwa msewu unali utasanduka mtsinje.

Anapeza anthu atadzaza pabwalo. Khoma lakuseri linali litagwera m'kati. Chifukwa cha mvula, a Winifred anali atalowetsa makina awo m'chipinda chakuseri, ndipo khomalo linawapeza akusoka. Amene anawafukula ndi anthu omwe aja ankakana moni wake. A Gideon anali pomwepo, malaya ali matope okhaokha, manja akutuluka magazi. Anthuwo anawanyamula a Winifred pachitseko mpaka kumtunda kumene galimoto inkadikira.

Anapulumuka, koma msana unathyoka. Madokotala ananena kuti sadzayendanso.

Mvula imeneyo inagwetsa makoma m'madera ena a tawuni, ena m'malo amene Herbert anapaka zofiira, ena m'malo amene sanafikeko n'komwe. Koma pamzere wawo wonse, nyumba imene inagwa inali yawo yokha. Za a Gideon zinangochita ming'alu. Anthu anayamba kulankhula. Ena ankati mwanayo anachita kuilosera nyumba ya make, ndipo pakamwa pa munthu sipabwerera chabe. Ena ankaloza ngalande ija. Madzi anali ataikulitsa mpaka kudya pansi pa maziko, ndipo aliyense wodutsa ankatha kuona.

Herbert anaima pamenepo nthawi yaitali tsiku lotsatira. Temwani anamupeza atagwada, akufinya dothi.

"Achimwene, ndiuzeni. Ndi ngalande?"

"Sindikudziwa," anayankha. "Popanda ngalande madzi akanaima pakhoma, mwina likanagwabe. Mwinanso likanapirira chaka china. Sindikudziwa, Temwani."

Ndipo sanadziwedi. Munthu amene ankatha kuyang'ana chitunda cha mchenga n'kunena mbali imene madzi oundana anachokera zaka zikwizikwi zapitazo sanathe kunena chimene chinagwetsa khoma la nyumba yobadwiramo. Funsolo linamudya. Anaonda. M'kalasi ankaima pabolodi n'kuiwala chimene amanena, mpaka mwini sukulu anamuuza kuti akapume kaye, ndipo sanamuitanenso.

A Winifred atatuluka m'chipatala anapita ku Chibanja, kukagona pabalaza pa mkamwini paja ankakana. Sanamudzudzule Herbert ngakhale kamodzi. Za khoma, za ngalande, za mapu, sanatchulepo. Herbert ankalakalaka akanamukalipira. Akapita kukawaona ankamufunsa ngati wadya, n'kutembenukira kukhoma.

Patapita nthawi bungwe lina linabwera ndi ntchito yofanana ndi yoyamba ija, ndipo wina anawapatsa dzina lake. Anamuimbira kangapo. Temwani anamuchonderera kuti avomere, popeza mankhwala a mayi awo ankafunika, koma iye anakana. Anati sangalowenso pabwalo la munthu ndi chitsulo chija. Mwamuna wa Temwani anakwiya, nanena kuti m'nyumba mwake simudzalowanso munthu wophunzira wokana ntchito. Anadzabweza mawuwo, koma kuyambira pamenepo Herbert amapita ku Chibanja Lamlungu m'mawa basi, mlamu wakeyo ali kutchalitchi. Amawanyamula mayi ake n'kuwakhazika pampando panja kuti aothere dzuwa, amawasisita miyendo imene siimva kanthu, kenako amawabwezera m'nyumba.

Masiku ano amakhala yekha ku Chibavi, m'chipinda chakumaso chimene chinatsala. Mbali yogumuka ija anaitseka ndi malata akale. Amapeza chakudya polembera anthu makalata ofunsira ntchito ndi kuthandiza ana a Fomu 4 masamu, makolo awo akalola. Ali ndi zaka zosakwana makumi anayi, koma imvi zayamba kale.

Mwezi wathawu mphunzitsi wina wachitsikana, Rejoice, amene wangobwera kumene mu Mzuzu kuchokera ku Dedza ndipo nkhani zonsezi sazidziwa, anamva kuti ku Chibavi kuli katswiri wa nthaka. Anamupeza akuchapa malaya pabwalo. Anamuuza kuti wapeza puloti yotchipa kumunsi kwa Chibanja, ndipo asanalipire amafuna wina akaione.

Herbert anafunsa kuti ili pati. Atamva, anabwezera manja m'beseni.

"Funsani ena, amadamu," anatero. "Ine ndinasiya."

"Kungoyang'ana chabe, bambo. Sindikuchedwetsani."

"Pepani chomene."

Rejoice anadikira pang'ono, kenako anatsanzika. Herbert anafinya malaya aja n'kuwayanika pachingwe. Puloti ija Rejoice anaigula sabata yomweyo, ndipo anyamata ayamba kale kuumba zidina.