Phwiti wa ku Kaning'ina

Ndikakumbukira Kaning'ina wa ubwana wanga, chimene chimayamba kubwera m'maso ndi bokosi la nsapato lili pafupi ndi mbaula, ndipo m'kati mwake, pa juzi yakale yofiira, muli kanthu konga mbatata yosenda, kakupuma pang'onopang'ono. Panja nkhungu inali itameza nkhalango yonse, mitengo ikungodontha madzi ngakhale kunalibe mvula yeniyeni, ndipo m'khitchini munkamveka fungo la makala, mkaka wofunditsa ndi sopo wa kuchipatala. Ndinali mtsikana wa zaka khumi, ndipo kanthu kaja kanali kamwana ka galu kamene kanandilamulira tchuthi chonse.

Kwathu kunali ku Zolozolo, m'nyumba ya zipinda ziwiri yodzaza ana. Sukulu itatsekera tchuthi chachitali, chisanu chisanathe, abambo ananditumiza ku Kaning'ina, mbali ina ya tauni yathu ya Mzuzu, kwa mlongo wawo, amene ife tinkangowatchula kuti Ankhazi. Anali mayi wamasiye wa ku Nkhata Bay, wamtali, waukhondo woopsa, ndipo anali atagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba ku Bulawayo zaka zambiri. Anzawo pobwerera kwawo ankabwera ndi njinga ndi mawailesi, koma iwo anabwera ndi galu wa m'dengu. Dzina lake anali Ntombi, wa mtundu wotchedwa Pekinizi, wosaposa nkhuku yathadzi, wa ubweya wautali wokhwekhwereza pansi, maso aakulu ndi nkhope yophwatalala. Ana a m'deralo ankati anagunda khoma akuthamanga, ndipo amayi opita kunkhuni ankaima pampanda n'kumatsutsana ngati ndi ntchewe, ndiye kuti galu m'Chitumbuka, kapena pusi. Kwathu galu anali wogona paphulusa ndi kudya zotsala, ndipo dzina limene ankalimva kawirikawiri linali lakuti "choka!" Choncho nditaona Ankhazi akumupesa Ntombi ndi chipeso chakechake, ndinaseka mpaka misozi.

Ndinafika Ntombi ali ndi bere, lachiwiri chabe pa moyo wake. Anthu ankawalangiza Ankhazi kuti azimusweretsa nyengo iliyonse, poti ofuna tiagalu totere analipo ambiri m'tauni, koma iwo ankayankha kuti mimba si chigayo, ndipo ankamupumitsa kupitirira chaka. M'tauni momwemo munali wamphongo wokongola wa mtundu womwewo, koma anali mwana wa Ntombi yemwe, wa bere loyamba, ndipo Ankhazi ankati chibale sichikwatirana ngakhale kwa agalu, chifukwa ana ake amabadwa odwaladwala. M'malo mwake anakwera basi, dengu pamwendo, kupita kwa mayi wina wa ku esiteti ya tiyi pa njira ya kunyanja, amene anali ndi wamphongo wa magazi ena. Asanavomere, anayamba amuyang'ana mano, maso ndi kapumidwe kake, ngati ankhoswe ofufuza mbiri ya mkamwini.

Ntombi anaswa m'mawa wina wozizira kwambiri. Ankhazi anavala epuloni yoyera, anawiritsa sizasi ndi ulusi, ndipo anandiuza kuti tiagalu ta mtundu umenewu timabadwa ndi mitu ikuluikulu, kotero mayi wake sasiyidwa yekha. Tiwiri toyamba tinatuluka tonenepa, tikulira. Kachitatu kanatuluka kali zii, kochepa ngati theka la tinzake. Ankhazi anakapukuta mphuno, n'kukatikita ndi thaulo mosaleza, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, mpaka kanatulutsa kamawu konga ka mbewa. Kenaka anandiika m'manja n'kunena kuti wodwala ameneyu ndi wanga. Anakatcha Phwiti, poti akuluakulu amati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa.

Khama lakelo ndinaliona. Tinzake tinkamukankha pabere, choncho ntchito yanga yoyamba inali kutitsekera m'dengu kuti Phwiti ayambe ndiye kuyamwa. Akatopa, ndinkamudonthezera mkaka wa mbuzi wofunditsa, wosakaniza ndi kachikasu ka dzira, kudzera m'kabotolo ka mankhwala a m'maso kotsuka bwino. M'bokosi lake munkakhala botolo la madzi otentha lovekedwa sokosi, ndipo ndinkalikhudza patsaya kuti ndimve ngati lazizira. Nsanza zogonera ndinkachapa tsiku lililonse, koma ndi nkhungu ya ku Mzuzu sizinkauma, moti tinkamalizira ndi simbi ya makala. Ndinaphunzira kupesa Ntombi osamukoka, kumupukuta m'maso ndi m'makwinya a kumphuno, ndi kumusaka nkhupakupa kuseri kwa makutu. Wolowa m'khitchini ankavula nsapato ndi kusamba m'manja, ngakhale akhale mkulu wa mpingo. Masana ndinkamva atsikana akufuula pa fulaye kuseri kwa mpanda, miyendo yanga n'kumayabwa, koma ndikangoti nditulukeko, kamawu ka m'bokosi kankandibweza.

Tinzake titatsegula maso, Phwiti anakhalabe wotsinzina, ine n'kuyamba kuda nkhawa kuti ndi wakhungu. Ankhazi anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'mawa wina ndinapeza timaso tiwiri tamadzimadzi tikundiyang'ana. Kuyambira pamenepo nyumba inasanduka bwalo la masewera. Tinayamba kutipatsa phala la mgaiwa losakaniza ndi usipa wosinja wochotsa mitu, ndipo tinkalowa m'mbale ndi miyendo yonse. Tinkalimbana ndi tsache, tinkaba masilipasi a Ankhazi, tinkagona pamene tulo tatipezera, mwina mutu uli m'nsapato. Phwiti, wochepetsetsa uja, ndiye anali wamwano kuposa onse. Tsiku loyamba kutuluka padzuwa anauwa tambala wamkulu, tambalayo n'kungomuyang'ana ndi diso limodzi. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti ndidzapita naye ku Zolozolo. Nditawauza Ankhazi, sanandinamize. Anandikumbutsa kuti kwathu kulibe mpanda, kuti agalu akuluakulu amangoyendayenda, kuti azing'ono anga angamufinye pomukonda, ndiponso kuti ine ndimakhala kusukulu tsiku lonse. Ndinatupa masaya mpaka madzulo, koma ndinkadziwa kuti akunena zoona.

Loweruka lina pageti panaima a Msiska, tcheyamani wa chipani wa ku Ching'ambo. Masiku amenewo munthu wotero akatsokomola pamsika, anthu ankagwira m'matumba kuona ngati khadi la chipani lilimo. Anali bambo wa thupi, wa jekete yakuda ndi baji pachifuwa, ndipo anyamata awiri amene anabwera nawo anatsala panja. Ankhazi anawakhazika pakhonde n'kuwathirira tiyi.

"Monire, a Sisita," anatero a Msiska. "Ndamva muli ndi tuntchewe tuweme chomene, tiagalu tokongola zedi. Ndikufuna kamodzi, kaja kakang'ono kwambiri. Nditenga lero lomwe."

"Yewo, adada," anayankha Ankhazi, "koma lero sikachoka, kakadayamwa. Komanso ine sindipereka galu kunyumba imene sindinaione, kapena kwa munthu wosadziwa kumusamala. Ngati mukufuna kukaona, vulani nsapato."

A Msiska sanavule. Anamaliza tiyi, anatsazika mwaulemu wozizira, n'kumapita. Ankhazi anachotsa makapu n'kupita kukakhoma geti dzuwa likadali m'mwamba, ndipo ndinazindikira kuti nawonso anali ndi mantha. Mawa lake potuluka m'tchalitchi abambo anga anabwera panjinga, akulankhula monong'ona ngakhale tinali m'nyumba, kuwapempha mlongo wawo kuti asaike banja lonse m'mavuto chifukwa cha kagalu. Ankhazi anayankha kuti kamwana kochotsedwa pabere msanga sikakhalitsa, ndipo kakakafera m'manja mwa munthu wamkulu ngati ameneyo, mlandu wake udzaposa wa kukana. Sabata imeneyo galimoto iliyonse ikadutsa mumsewu, tonse tinkasiya kutafuna.

Loweruka lotsatira a Msiska anabweranso, koma okha. Anafika pakhomo la khitchini n'kuvula nsapato osauzidwa, ndipo chala chachikulu chinasuzumira pa sokosi yobooka. Anakhala pamphasa, miyendo atatambalala, Ankhazi n'kuwapatsa chipeso. Anabwera choncho Loweruka lililonse, kuphunzira kunyamula kagalu ndi manja awiri, kupukuta maso, kuyesa kutentha kwa phala, ndi kudziwa kuti galu wa mphuno yaifupi sasiyidwa padzuwa. Ulendo wina Phwiti anawakwera pamwendo, n'kuwanyowetsera buluku pomwepo. Ine ndi Ankhazi tinayang'anana. Kenaka bambo uja anaphulika kuseka mpaka baji ikugwedezeka, akuti chiyambireni ntchito yawo palibe amene anawauzapo maganizo ake mosabisa chonchi. Ankhazi anaseka nawo, koma ine ayi. Kwa ine anali munthu wodzandilanda mwana.

Tsiku lokaona nyumba ya a Msiska ndinatsagana ndi Ankhazi, ndili ndi cholinga chimodzi, kukapeza zolakwika. Tinapeza mpanda watsopano wa bango, wolukidwa mothithikana kuti ngakhale mwanapiye asadutse, ndipo zala za a Msiska zinali ndi mabala a bango lomwelo. Pakhonde panali mtsikana wa msinkhu wanga, ndodo ziwiri zoyendera zili pambali pake. Anali Wezi, mwana wawo, amene poliyo anamupuwalitsa miyendo ali wamng'ono. Anzake akabwera kudzacheza, mpira ukangolira kubwalo onse ankamuthawa. Anali atasoka kale kapilo ka zidutswa za zitenje, ndipo asanandifunse ngakhale dzina, anayamba kundipanikiza: Phwiti amakonda chiyani, amaopa chiyani, amalira bwanji akafuna kutuluka? Ndinayamba kuyankha monyinyirika, koma posachedwa ndinapezeka ndili chokwawa pakhonde, ndikumuonetsa mmene Phwiti anauwira tambala, Wezi akuseka mpaka kutsamwa. Nthawi yonseyo Ankhazi ankazungulira nyumba, kufunsa kumene amasunga mankhwala a makoswe ndi amene adzapese galu Wezi akadwala.

Pobwerera, tikukwera chitunda cha ku Kaning'ina, Ankhazi anati, "Nyumba ija ine yandikhutiritsa. Koma wamulera ndiwe. Ukakana, inenso ndikakana." Ndinawayang'ana kuona ngati akuseka, koma sankaseka. Ankadziwa bwino chimene kukana kachiwiri kukanatibweretsera, komabe anandisiyira mawu omaliza. Ndinayenda mtunda wonse ndikuganiza za botolo la madzi otentha, za timaso tija, ndiponso za kapilo kopanda mwini pakhonde. Tikufika pageti ndinati ndavomera, bola ndizikamuona. Ankhazi anangondigwira paphewa n'kundituma kukakoleza mbaula.

Sanafulumire ngakhale pamenepo. Sukulu inatsegulira tiagalu tikadali kwa amayi awo, mpaka titamwa mankhwala a njoka za m'mimba ndi kubayidwa katemera kwa a vetenale. Tinzake tiwiri tinapita kwa mphunzitsi wina ndi kwa mayi wina wa kumpingo, amene nyumba zawo zinayenderedwa chimodzimodzi, ndipo aliyense anauzidwa kuti zikadzavuta asamutaye galu kapena kumugulitsa, koma amubweze. Phwiti ndinamunyamula ndekha kupita ku Ching'ambo, kunja kutayamba kale kutentha. Ndinalira pomupereka, iye osasamala n'komwe, ali kalikiliki kutafuna mphira wa kunsi kwa ndodo ya Wezi. Mwayi wake Ching'ambo si kutali ndi Zolozolo, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkadzera kumeneko. Ana ena aja nawonso anayamba kuchedwa pakhonde, poti galu wotere sankapezeka kubwalo la mpira. Pamsika anthu ankakodolana poona tcheyamani akununkhiza usipa mulu ndi mulu, kusankhira galu wake usipa wosawawa.

Lero ndikamayenda m'misewu ya m'tauni ndimaona anyamata atanyamula tiagalu m'mwamba, kutionetsa pa mawindo a galimoto, tina maso asanatsegule bwino. Wogula safunsa za mayi wake, wogulitsa safunsa kumene kakagone. Ankhazi anatisiya kalekale, ndipo sanasiye khola lalikulu kapena dzina lotchuka, chifukwa Ntombi ataswa kachitatu anamupumitsiratu, n'kukalamba naye pakhonde. Chimene anandisiyira ndi chizolowezi chovuta kuchitaya, chofunsa kumene chamoyo chikupita ndisanachitulutse m'manja, kaya ndi mwanapiye, kaya mwana wanga wopita kusukulu yogonera komweko. Phwiti anakhala mpaka kumera imvi kumphuno, ndipo Wezi, amene tsopano ndi telala wa mbiri yabwino, akadali mnzanga wapamtima. Mpaka pano timakanganabe kuti galu uja anali wa yani. Ine ndimati wanga, poti ndinamudonthezera mkaka ali pakati pa moyo ndi imfa. Iye amati wake, poti anagona kumiyendo kwake moyo wake wonse. Tinawafunsapo Ankhazi atakalamba kuti atiweruze, ndipo anatiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti mwini galu ndi amene amawola zonyansa zake m'mawa. Tinayang'anana, tonse n'kuseka, chifukwa pa chiweruzo chimenecho galu anali wa a Msiska.