Dothi la pauvuni

Anthu ofufuza atabwera kuno ku Nazombe kudzapempha dothi la m'minda, ine ndinadziwiratu kuti uku n'kukawa. Mlendo angatenge dothi lako n'kukusiyira zokolola? Ndiye ndinawatapira la pauvuni pamene mwana wanga anawotchera njerwa, n'kuwauza kuti ndi la m'munda mwanga.

Atabweranso anatisonkhanitsa. Mtsikana wina wamagalasi anafotokoza kuti amawerenga tizilombo tam'dothi tosaoneka ndi maso, ndipo kuti ayerekeze minda mwachilungamo, amatsitsa chiwerengero cha munda uliwonse kuti chifanane ndi cha munda wosaukitsitsa.

"Koma wa agogo awa tauchotsa," anatero, akundiloza. "Tikanautsatira, mudzi wonse ukanatsala wopanda kanthu. Agogo, munda wanu ndi wakufa."

Wakufa! Munda umene nandolo wake amamusirira ndi a ku Chiringa omwe! Ndikanaulula pomwepo, koma anthu anachuluka. Ndinangozyolika ngati namfedwa.

Mpaka lero a Esinati, amene chinangwa chawo chimangokhala ngati zala, amandibweretsera ndowe zambuzi, ati, "Pepani anzanga, mwina udzuka." Ine ndimalandira ndi manja awiri, chogwada.